Bedi Laulere la Achemwali

"Tatambasulani manjawo ndione," anatero a Rosalbina, asanapereke n'komwe moni.

A Leonilde anatambasula manja awo pamwamba pa kabulangete komwe anafunda m'miyendo. Zikhadabo zonse khumi zinali psuu, ngati tomato wa pamsika.

"Ndi atsikana a kusukulu yokonza tsitsi," anatero a Leonilde. "Amabwera Lachinayi lililonse kudzaphunzirira pa ife. Akalakwitsa sitidandaula, maso athu saona."

"Pa msinkhu wanuwu, achemwali? Zaka 81?"

"Ndiye ndidikire ndikule kaye?"

Linali Lamulungu masana, pabwalo la nyumba yosamalira okalamba ya masisitere, kumtunda kwa mzinda wathu wa Ibagué. A Rosalbina anabwera pa takisi ya mwana wawo Arbey kudzaona mkulu wawo, amene anali atakhala kumeneko miyezi isanu ndi itatu chithyokereni fupa la m'chiuno. Maulendo awiri oyamba anawapeza ali gone, otuwa, akubuula, ndipo anabwerera kwawo mtima uli m'malo. Ulendo uno anabwera ndi kapoto ka supu wa nkhuku ndi nkhope yachisoni imene anaikonza ali m'galimoto, poti kokaona munthu wopanda mwana, wosungidwa ndi masisitere, nkhope imayenera kukhala yotero.

Nkhope ija inasowa ntchito. Supunso anasowa ntchito.

"Tadya kale," anatero a Leonilde. "Nyama ya nkhumba ndi mbatata, kenako mpunga wa mkaka. Umupatse Arbey supuyo, mwanayu wawonda ngati chingwe choyanikira. Arbey, mkazi wako uja amaphika kapena amangokuwerengera mayina a zakudya?"

"Amaphika, amayi aakulu," anaseka Arbey, bambo wa zaka 48 wa dazi lake.

Nthawi yomweyo panatulukira nkhalamba ina yaitali, ya chipewa choyera, ikukoka mwendo umodzi. Inanyamula kambale, ndipo m'kambalemo munali gwafa wosendasenda, wodulidwa panayi, njere atazichotsa.

"Mayi Leo, wa mumtengo wa kuseri uja wapsa. Ndalimbana ndi mbalame kuti ndikupezereni."

"Munapambana ndinu kapena mbalame? Gwafa mmodzi yekha? Rosa, awa ndi a Belisario. Ankaimba lipenga m'bandi ya mzinda, pano mpweya unatha, kwatsala mabodza okha. A Belisario, uyu ndi mng'ono wanga uja."

A Belisario anavula chipewa n'kuwerama pang'ono.

"Mwini wa ana atatu uja! Mwayi wanu, mayi. Inu ndiye simusowa wocheza naye. Ife kuno timangobwerekana."

A Rosalbina anamwetulira ndi milomo yokha. Ankayang'ana mkulu wawo akudya gwafa pang'onopang'ono, zala zofiira zija zili m'mwamba. Wodutsa aliyense ankaima. Namwino anawakonzera pilo. Mayi wina wa ndodo anadzafunsa ngati masewera a madomino alipo lero kapena alendo awasokoneza. Sisitere wamng'ono anadzawanong'oneza kanthu kukhutu, awiriwo n'kuseka mpaka sisitereyo kugwira khoma.

Tsono muyenera kudziwa kuti chibadwire, wamwayi m'banja limeneli anali a Rosalbina. Okongola anali iwo. Ukwati wa kutchalitchi, wa diresi la mchira, unali wawo. A Leonilde sanakwatiwe, anatha moyo wawo akuphikira mabanja a eni. Pa ubatizo uliwonse, pa maliro aliwonse, a Rosalbina ankausa moyo n'kunena kuti, "Achemwali anga osauka aja, adzawatseka maso ndani?" Ankawanena mawuwa mokoma, ngati munthu amene akumung'unya switi. Lero switi uja anali atathera m'kamwa.

M'takisi, potsika phiri, a Rosalbina anayamba kudandaula atafika pa maloboti achiwiri.

"Gwafa wosenda," anatero. "Malemu bambo ako ndinakhala nawo zaka makumi anayi, sanandisenderepo ngakhale nthochi."

"Nthochi munthu amasenda yekha, amayi."

"Usandiyankhe. Ndikufuna malo kumene kuja."

Arbey anaseka. Atayang'ana pagalasi anaona kuti akuseka yekha.

"Amayi, ndinafunsa kale, nthawi ija munagwa kubafa. Bedi lolipira ndi mapeso mamiliyoni awiri ndi theka pamwezi. Ine ndiyendetse mwezi wathunthu, osadwala, tayala osaphulika, apolisi osandiona, sindifikapo."

"Nanga amayi ako aakulu akulipira ndi chiyani? Zikhadabo?"

"Iwo akuwalipirira ndi a khonsolo. Mabedi a khonsolo alipo khumi ndi awiri okha, ndipo ndi a anthu opanda mwana, opanda nyumba, opanda penshoni. Inu muli ndi ife."

"Ndili ndi inu! Yaneth ali ku Spain akusambitsa nkhalamba za eni. Duván ali ku Bogotá, foni yake imadziwa kulandira kokha. Iwe umabwera Lamulungu, injini osazimitsa. Ndiye kubereka katatu konse kuja, kung'ambika konse kuja, malipiro ake ndi kukhala ndekha ndi wailesi? Amene sanamvepo ululu wa mimba ndiye azisenderedwa gwafa?"

"Amayi, munthu anathyoka chiuno uja. Sayenda."

"Nanga ine ndimavina? Mawondo angawa sukuwamva akamalira ngati chitseko? Mawa upite kukhonsolo ukandilembetse."

Ife a mumsewu wawo tinazimva zonsezi Lolemba m'mawa, chifukwa a Rosalbina akapsa mtima amasesa pakhonde, ndipo tsache lawo limayankhula. Kunena zoona, moyo wawo sunali wokoma. Ankadzuka, kuphika khofi wa munthu mmodzi, kumwa atayang'ana khoma. Msika unawatalikira. Tchalitchi chili ndi masitepe khumi ndi anayi. Anzawo ena anamwalira, ena ana awo anawatenga, ena tilipo koma anatikwiyitsa kalekale ndi kudzitama. Arbey anakana sabata zitatu, yachinayi anatopa, anapita kukawalembetsa. Patapita miyezi iwiri uthenga unabwera kuti Lachitatu kubwera mayi wa kukhonsolo kudzaona mmene akukhalira.

Kwathu kuno a boma akati abwera kudzaona m'nyumba, katundu amayenda kuti pakhomo paoneke posauka. Firiji imawoloka msewu. Wailesi yakanema imakagona kunsi kwa bedi la mlamu. Pali firiji ina mumsewu mwathu yomwe yagonapo m'nyumba zisanu ndi ziwiri, makhitchini athu imawadziwa kuposa amuna athu. Lachiwiri Arbey ndi mnzake anatulutsa firiji, makina ochapira ndi wailesi yakanema ya mayi ake. Pochoka anawalangiza bwinobwino.

"Akafunsa za ana, munene kuti ali kutali ndipo sathandiza. Muvale diresi lakale lija. Musaphike kanthu. Mwamva, amayi?"

"Ndamva. Ukundiyesa mwana?"

Koma Lachitatu m'mawa a Rosalbina anaima m'khitchini mopanda kanthu muja, manyazi n'kuwagwira. Mlendo alowe, apeze m'nyumba mwawo muli ngati mwa munthu wosabereka? Anati angosesa pang'ono. Atasesa anati angokolopa. Atakolopa anagwada, ndi mawondo omwe aja, n'kupaka polishi mpaka pansi pankaoneka nkhope. Anayala nsalu yoluka patebulo. Anatulutsa makapu a mkombero wagolide amene samwera munthu wamba. Diresi lakale analivaladi, koma ndi ndolo za ukwati. Zithunzi za ana anazitsitsa pakhoma, anazipukuta fumbi, n'kuzibwezera pomwepo.

Mayi Marcela anafika cha m'ma teni, mzimayi wa zaka za m'ma makumi anayi, nsapato zafumbi, faelo m'khwapa. Inali nyumba yawo yachisanu m'mawa umenewo.

"Lowani, adokotala, lowani," anatero a Rosalbina, poti kuno aliyense wonyamula faelo timamutcha dokotala. "Mukhululuke umphawi."

Anawakhazika pampando wabwino, anawapatsa chokoleti chotentha ndi tchizi. Mayi Marcela anayang'ana pakona ya khitchini, pomwe panali malo oyera a makona anayi ndi soketi yopanda ntchito.

"Firiji mulibe, mayi?"

"Tiipeza kuti, adokotala? Ndife osauka."

"Tchiziyu ndi wozizira bwino."

"Kukuzizira masiku ano."

Kunjaku dzuwa linali likusungunula phula pamsewu. Mayi Marcela anabisa kumwetulira m'kapu.

"Musavutike, mayi. Mafiriji ndimakumana nawo akuwoloka msewu ndikamatsika basi, timapatsana moni. Ine sindilemba za firiji. Ana muli nawo?"

Apa ndi pomwe panafunika mawu a Arbey aja. A Rosalbina anatsegula pakamwa kuti awanene, koma maso awo anagwera pa zithunzi. Anene pamaso pa mlendo kuti ana awo anawataya? Iwo, a Rosalbina?

"Atatu!" anatero. "Uyu ndi Yaneth, ali ku Spain, amatumiza kangachepe mwezi uliwonse, sanaphonyepo. Uyu wa gauni ndi Duván, woyamba kutenga digiri mumsewu uno, afunseni onse. Uyu ndi Arbey, takisiyo ndi yakeyake, si ya bwana ayi."

Anayankhula mphindi makumi awiri. Anatchula ndi zidzukulu zomwe, ndi magiredi awo. Mayi Marcela ankangolemba.

"Nyumbayi mumachita lendi?"

"Lendi? Ine? Ndinabadwira m'chipinda icho."

Mayi Marcela anatseka faelo.

"Mayi Rosalbina, ndisakunamizeni. Pamndandanda pali anthu 63. Woyamba ndi agogo ena amene ali m'chipatala mwezi wachinayi uno. Anachira kalekale, koma palibe wodzawatenga. Inu, ndi nyumba, ndi ana atatu othandiza, simungalowe ngakhale kumchira. Koma zilipo zina. Pali malo ochezera okalamba masana, katatu pasabata, kwaulere. Basi imadzakutengani pakhomo. Kuli nkhomaliro, kuli namwino woona za mawondo. Ndingakulembeni lero lomwe."

"Ndikadye pamzere ndi mbale m'manja, msewu wonse ukundiona ndikukwera basi ya khonsolo? Ayi, zikomo. Ine ndikufuna komwe kuli mkulu wanga."

"Mkulu wanu ndi ndani?"

"Leonilde Cárdenas."

Nkhope yotopa ya mayi Marcela inawala ngati ayatsa getsi.

"Mayi Leo! Ndi achemwali anu? Aaa, mayi amene uja! Ndikapita kumene kuja ndimayambira kwa iwo kuti tsiku lindiyendere. Anawaphunzitsa ophika onse kuthira mchere. Masisitere akuti chibwerereni iwo, anthu asiya kufa Lolemba. Muli ndi mwayi kukhala ndi mkulu wotero."

Abale, pali mawu ena amene munthu amanena ndi mtima wabwino koma amalowa mwa mnzake ngati singano.

"Ndiye iwo analowa bwanji?" anafunsa a Rosalbina.

"Iwo alibe kalikonse, mayi. Alibe mwana, alibe penshoni, alibe nyumba."

"Alibe nyumba? Nanga inu mwakhala m'nyumba ya yani? Nyumba ino ndi ya malemu bambo athu, ndipo ana awo ndife awiri basi. Theka ndi la Leonilde."

Mayi Marcela anaika cholembera patebulo pang'onopang'ono, ngati dzira.

"Mayi Rosalbina, khutu langa ili limavuta, mabasi anandigonthetsa. Zimene ndamva bwino ndimayenera kuzilemba, ndipo ndikalemba sizifufutika. Munthu amene ali ndi nyumba, ngakhale theka, sakhala pa bedi la khonsolo. Mwandimvetsa? Ndiye ndifunse kaye: chokoleti chokomachi mwaphika ndi mkaka kapena ndi madzi?"

Linali khomo lothawira limenelo, lalikulu, loti ng'ombe n'kudutsa. Akanangoti "ndi mkaka," nkhani ikanathera pomwepo. Koma m'maso mwa a Rosalbina munali zala khumi zofiira zitanyamula gwafa. Anadzuka, mawondo akulira, analowa kuchipinda, anatuluka ndi chitini cha mabisiketi. Anavundukula, anatulutsa pepala lachikasu lopindidwa panayi, la umwini wa nyumbayo.

"Werengani nokha, poti khutu likuvuta. Anselmo Cárdenas, bambo athu. Dzina silinasinthidwe mpaka lero, n'chifukwa chake makompyuta anuwo sanaone. Ine sindikufunira munthu zoipa. Ndikungofuna chilungamo."

Mayi Marcela anatulutsa foni, anajambula pepalalo, anatsegulanso faelo. Chokoleti anachisiya chili theka.

Kalata inafika kwa masisitere patatha mwezi. A Leonilde anapatsidwa masiku 60 kuti achoke pa bedi la khonsolo. Arbey anafika kwa mayi ake masana, ndipo ulendo uno injini anazimitsa.

"Amayi, mukudziwa chimene mwachita?"

"Ndanena zoona. Kunena zoona kunasanduka tchimo liti?"

"Zaka makumi asanu mwakhala mukunena kuti nyumba yanga, nyumba yanga. Amayi aakulu sanapemphepo ngakhale njerwa imodzi. Zoonazo mwazikumbukira lero?"

"Usandikwezere mawu m'nyumba mwanga."

"M'theka mwanu," anatero Arbey. "Tsono mverani. Njira zilipo ziwiri. Abwere kuno, muziwanyamula inuyo kupita kuchimbudzi, muziwasambitsa, muziwatembenuza pabedi. Mkazi wanga wanena kale kuti iye ali ndi ntchito yake. Apo ayi, nyumba igulitsidwe, theka lawo liwalipirire bedi. Amayi aakulu aonana kale ndi ophunzira zamalamulo aja amathandiza mwaulere. Akuti asankha kugulitsa. Mukakana kusaina, apita kukhothi, ndipo mapeto ake ndi omwewo."

A Rosalbina analira mokweza mpaka ife tinatuluka panja. Anaitana malemu bambo awo, malemu amuna awo ndi oyera mtima anayi. Anati mkulu wawo ndi njoka. Kenako kulira kuja kunaduka mwadzidzidzi, ngati wina watseka mpope.

"Arbey. Theka la Leonilde likwana bedi lolipira?"

"Likwana."

"Ndiye langanso likwana."

"Amayi, dikirani. Ndalama imeneyo si chitsime. Ikadzatha..."

"Ndakuona! Ukufuna nyumba, iwe ndi mkazi wako uja wa milomo yopyapyala. Mukudikira ndife kuti muike lendi. Ndi zimenezo eti?"

Arbey anatola makiyi ake.

"Sainani, amayi," anatero, n'kutuluka.

Yaneth anaimba kuchokera ku Spain, a Rosalbina anamudulira foni. Duván anaimba koyamba m'chaka chimenecho, anamufunsa kuti nambala waipeza kuti. Nyumba inagulidwa ndi bambo wina wa bekari, motchipa, chifukwa anamva fungo la changu. Kwa loya abale awiriwa... ayi, ndisaname, sanakumane n'komwe. A Leonilde anasaina m'mawa, a Rosalbina masana. Chiyambire nkhaniyi anali asanayankhulane.

Tsiku losamuka a Rosalbina anatitsanzika ngati akupita kunja. Tsitsi anadaya lakuda bii. Anavala diresi latsopano la maluwa, ndipo zikhadabo anapaka okha, zofiira, utoto wina utatayikira m'mbali chifukwa manja amanjenjemera. Masutikesi awiri anakwera pamwamba pa takisi.

"Mudzabwere kudzationa," anatero pawindo. "Koma muziyamba mwaimba, timakhala otanganidwa."

Kumtunda kuja anawalandira ndi Sisitere Imelda, wamkulu wa nyumbayo, mzimayi wamfupi wosataya mawu. Anawadutsitsa mbali ya khonsolo popita mbali yolipira. Pachitseko china chotsegula, a Rosalbina anaona bedi lomwe ankagona mkulu wawo. Panali agogo ena ochepa ngati mwana, atagona cham'mbali, akugwira dzanja la namwino ndi manja awo onse awiri.

Chipinda chawo chinali cha mabedi awiri, choyera, cha windo loyang'ana kubwalo. A Leonilde anali pampando wawo wamatayala, akupinda mipango.

"Ndabwera, achemwali."

"Ndakuona. Tsitsi limenelo ndinaliona uli pageti. Khala pansi, Rosa."

A Rosalbina anakhala pa bedi lopanda munthu, kachikwama pamawondo. Anayala manja pakachikwamapo kuti zikhadabo zioneke.

"Mwandikwiyira?"

"Ndinakwiya sabata ziwiri. Ndinakutukwana mawu amene Sisitere anati ndikaulule. Kenako ndinapita kukawaona amene atenga bedi langa. Ali ndi zilonda msana wonse. Tsiku loyamba analira chifukwa choti wina wawafunsa dzina. Basi, mkwiyo unandithera. Unachita zabwino, mng'ono wanga. Mwangozi, koma unachita."

A Rosalbina sanakonde kukhululukiridwa msanga choncho. Anayang'ana bedi lawo, anayang'ana la mkulu wawo. Mabulangete ofanana, mapilo ofanana, kakabati kofanana.

"Chabwino," anatero, akukweza chibwano. "Bola tsopano tafanana."

"Tafanana?"

A Leonilde anaseka mpaka mpango unagwa pansi.

"Rosa, iwe unapita kusukulu mpaka giredi faifi, ine ndinalekera yachiwiri, koma tamvera. Ndalama ya nyumba ija itisunga muno zaka zitatu ndi miyezi iwiri, aliyense. Mitengo ikakwera, zaka zitatu sizikwana. Yanga ikadzatha, ine ndidzakhala ndani? Nkhalamba yopanda mwana, yopanda penshoni, yopanda nyumba, ndipo ulendo uno zolembedwa ndi sitampu yomwe. Ndinawafunsa mayi Marcela. Akuti ndidzabwerera pamndandanda, ndipo wosayenda ngati ine amakhala kutsogolo. Ndikunena ngati ndidzakhale ndikupuma, zimene sindikulonjeza."

"Nanenso ndidzakhala wopanda nyumba."

"Iwe udzakhala mayi wa ana atatu. Wina ku Spain wosaphonya mwezi, wina wa digiri, wina wa takisi yakeyake. Zili m'faelo, masamba awiri, unalembetsa wekha. Bedi la khonsolo sudzaligona mpaka kufa. Ndipo sufa msanga iwe. Udzakhala ndi zaka 77 zokha, mtima ngati wa bulu. Kwathu ouma mtima amafika 95, kumbuka azakhali."

"Ana anga adzalipira."

"Uti?"

A Rosalbina anatsegula pakamwa. Anayamba ndi Yaneth, m'mutu mokha, anapita kwa Duván, anafika kwa Arbey, n'kutseka pakamwa.

"Usadandaule kwambiri," anatero a Leonilde, ndipo mawu awo sanali achipongwe ayi, n'chimene chinawawa koposa. "Arbey akuti kwawo kuli kachipinda kuseri kwa khitchini, komwe amasungamo matayala. Mkazi wake akadzavomera, udzakhala m'menemo. Tizipinda timeneto ndimatidziwa, ndagonamo zaka 46. Bedi umaika mopingasa, apo ayi chitseko sichitseguka. Ndidzakuphunzitsa, nthawi ilipo."

Belu la nkhomaliro linalira. A Leonilde anatembenuza mpando wawo mwaluso, anaima pakhomo.

"Tiye. Lachisanu ndi nsomba. Ukachedwa umapeza mitu."

"Tsogolani."

Mpando unatuluka. Posakhalitsa kubwalo kunamveka mawu ambiri nthawi imodzi, a amuna ndi a akazi: "Mayi Leo! Mayi Leo, kuno, takusungirani malo!" Wina ananena kanthu, a Leonilde anayankha, bwalo lonse linaphulika ndi kuseka.

A Rosalbina anakhalabe pa bedi latsopano lija, nsapato osavula. Sisitere Imelda analowa ndi mtsuko wa madzi, anayang'ana masutikesi omwe anali pakati pa chipinda.

"Ndikuthandizeni kulongedza m'kabati, mayi? Onse awiri?"

A Rosalbina anayang'ana masutikesiwo.

"Imodzi yokha, asisitere," anatero motsitsa mawu. "Inayo isiyeni chomanga."